Kuchoka pa ng'oma kufika pa bajeti: lipoti la nkhani ya Aphunzitsi

Anzanga oyang'anira mapulogalamu m'mabungwe a kuno ku Lilongwe akhala akundifunsa ngati munthu amene ntchito yake inali yophunzitsa ana kuimba, kuvina ndi kuchita zisudzo angayendetse pulojekiti ya ndalama za opereka thandizo. Ine ndinalembapo ntchito munthu wotere. Ndinawaona akukwera, ndinawaonanso atatsala pang'ono kugwa, ndipo pa kugwako dzanja langa linalipo. Dzina lawo sinditchula, ngakhalenso la sukulu kapena la bungwe lathu. Ku ofesi tonse, kuyambira alonda mpaka a akauntanti, timangowaitana kuti Aphunzitsi, ndiye muno ndiwatchula chomwecho. Zimene ndalembazi awerenga ndipo avomereza, kupatula ndime imodzi imene mpaka lero sitinagwirizane.

Aphunzitsi anachita maphunziro a uphunzitsi wa pulayimale kudzera mu IPTE, ndondomeko ya boma yosula aphunzitsi, kenako anatumizidwa pa sukulu ina yodzaza kwambiri chakummwera kwa mzinda. Ankaphunzitsa Expressive Arts, phunziro limene linasonkhanitsa nyimbo, magule, zisudzo, zojambula, zosoka ndi masewera olimbitsa thupi kukhala chinthu chimodzi. Pa mayeso a PSLCE limabwera pa pepala limodzi ndi Life Skills, choncho m'masukulu ambiri limangosanduka manotsi a pa bolodi. Mwana amaloweza kuti mganda amavina ndi abambo, chimtali amavina ndi amayi, koma ng'oma sanaigwirepo. Iwo ankawatulutsa ana panja.

Ndinawaona koyamba mu 2021. Sukulu zinatsekedwa mu Marichi 2020 chifukwa cha Covid-19, ndipo zitatsegulidwa atsikana ambiri sanabwerere. Ena mimba, ena mabanja, ena anangozolowera kugulitsa mandasi pa msewu. Bungwe lathu linali ndi kapulojekiti ka makalabu a zisudzo m'sukulu zingapo, kuti ana azikaonetsa masewero kwa makolo n'kuyambitsa zokambirana za kubwerera kusukulu. Aphunzitsi anali matironi wa kalabu imodzi.

Sewero lawo linali labwino, koma chimene chinandikopa ine ndi buku. Linali hadikava lakuda, lija aphunzitsi amalembamo masikimu. Tsiku la chionetsero analilemba pansi penipeni pa tsamba, masiku ena onse n'kumawerengedwa chobwerera m'mbuyo kukwera m'mwamba: lakuti zovala zikhale zitasokedwa, lakuti kalata ikhale itafika kwa a PEA (mlangizi wa sukulu za pulayimale za m'deralo), lakuti amfumu akhale atamva, lakuti a komiti ya sukulu ndi a mother group akhale atalola kuti ana atuluke pa mpanda. Pa mbali iliyonse ya sewero panali maina a ana awiri. Nditafunsa chifukwa, anati: "Bwana, mwana wa kuno simungadalire mmodzi. Lero alipo, mawa amutuma ku chigayo kapena akulera mng'ono wake." Panali mzere wa amene adzabweretse udzu wowambira ng'oma ndi machesi, wina wonena kokachitira sewero ikagwa mvula. Ife ku ofesi zinthu zimenezi timazipatsa maina akuluakulu, work plan, risk register, ndipo timatumiza anthu ku mawekishopu ku Mponela kuti akaziphunzire. Iwo anaziphunzira atachitapo manyazi kamodzi pamaso pa makolo, mtsikana wa mbali yaikulu atajomba.

Chaka chotsatira tinapeza ndalama zokulitsira pulojekitiyi ndipo tinkafuna ofesala. Chilengezo chathu chinkanena za digiri, monga amachitira mabungwe onse, ndipo makalata anabwera mulu. Aphunzitsi analibe digiri; anali ndi satifiketi ya uphunzitsi ndi dipuloma imene anali asanamalize. Ndinawalimbikitsa kuti alembe, ndipo ndinauza anzanga a pa komiti yofunsa mafunso kuti ndawalimbikitsa, kuti pasadzakhale zonena.

Mkangano unalipo. A akauntanti anati munthu amene sanagwirepo Excel adzawapatsa ntchito yowirikiza. Mnzanga wina anati malipoti a opereka thandizo amafuna Chingerezi cha mtundu wake. Zonsezi zinali zoona. Koma pa mafunso tinapereka kamayeso kamodzi kwa onse: mwafika pa sukulu kudzayambitsa kalabu, a hedi akana, mutani? Ambiri anayankha za kuitanitsa msonkhano wa onse okhudzidwa. Aphunzitsi anayamba ndi kufunsa kuti ndi teremu yanji. Anati ngati ndi nthawi imene a Sitandade 8 akukonzekera mayeso, a hedi sakukana zisudzo, akukana phokoso ndi kutaya mapiriyodi, ndiye mukapemphe Lachisanu masana ndipo muyambe ndi a Sitandade 5 ndi 6. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Tinawatenga.

Chinthu chimodzi ndikufuna anzanga achimve bwino pamenepa. Kwa ife kunali kulemba ntchito. Kwa iwo kunali kusiya ntchito ya boma, ya penshoni, n'kulowa ya kontirakiti imene imatha pulojekiti ikatha. Ndinawauza izi mosabisa, kawiri, ndipo ndinawapempha kuti akakambirane ndi akubanja asanasaine. Munthu amene mukumuchotsa pa malipiro a boma, ngakhale ochepa, mwamusenza.

Miyezi yoyamba inayenda bwino kuposa mmene ndinkayembekezera. M'masukulu ankalowa ngati kwawo. Ankadziwa kuti kalata yopita ku sukulu isadumphe ofesi ya maphunziro ndi a PEA, ankadziwa nthawi imene a hedi amapezeka pa mpando, ankadziwa kuti mapatironi amene timawatcha odzipereka ali ndi makalasi a ana oposa zana akuwadikira. Mu Januwale 2023, boma litachedwetsa kutsegulira sukulu ku Lilongwe ndi ku Blantyre chifukwa cha kolera, anakonzanso ndondomeko ya teremu yonse usiku umodzi, m'hadikava lija, m'mawa n'kungobwera kuti wina awalowetsere mu kompyuta.

Anatithandizanso pa chinthu chimene ife a mapepala tinkachiphonya. Logframe yathu, pepala la zolinga za pulojekiti ndi zoyezera zake, inkawerenga kuchuluka kwa zionetsero ndi anthu odzaonera. Iwo anati anthu amadzaza paliponse pamene ng'oma yalira, ngakhale pa maliro a mlendo, ndiye nambala imeneyo sikutiuza kanthu. Anapempha kuti tizitsata maina a atsikana mu rejisitala ya kalasi, ndipo anachenjeza kuti tisawerenge m'mawa mokha pa sukulu zimene zili ndi phala, chifukwa ana ena amadya n'kuzemba buleki ikakwana. Munthu amene sanaitanepo maina m'kalasi sangadziwe zimenezo.

Mbali ya ndalama ndiyo inali yofooka, ndipo apa ndi pamene ine ndinalakwitsa. Ndinawatumizira buku la malamulo a chuma a bungwe pa WhatsApp, masamba ambirimbiri a Chingerezi, n'kuyesa kuti ndaphunzitsa. Popeza pa zina zonse ankaoneka odziwa, sindinakhale nawo pansi kuti ndiwaonetse chifukwa chimene timafunira makotesheni atatu, chifukwa chimene timadulira msonkho wa MRA tikamalipira wogwira ntchito ya kanthawi, kapena tanthauzo la mizere ya bajeti. Iwonso sanafunse. Kusukulu anazolowera kuti zinthu zikasowa umasonkha m'thumba mwako kapena umabwereka kwa mnzako, bola ana aphunzire. Ndalama kwa iwo inali imodzi: ya pulojekiti.

Novembala 2023

Tinakonza chikondwerero chachikulu cha makalabu onse kuti chigwere m'masiku 16 olimbana ndi nkhanza, amene amayamba pa 25 Novembala kufika pa 10 Disembala. Bajeti inalembedwa kale miyezi yambiri m'mbuyo. Kumayambiriro kwa Novembala, Reserve Bank inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Dola inachoka cha m'ma K1,180 kufika pa K1,700. Mafuta anakwera nthawi yomweyo, petulo n'kufika pa K2,530 pa lita. Eni maminibasi amene tinagwirizana nawo anabweza mawu, wobwereketsa zimkuzamawu anakweza mtengo, wophika chakudya cha ana anati pa mtengo wakale sangayatse n'komwe moto.

Aphunzitsi anali atatenga kale ndalama zoyendetsera chikondwererocho pamodzi ndi za maphunziro a mapatironi amene amayenera kuchitika sabata yotsatira. Anachita zimene mphunzitsi aliyense wa zisudzo akanachita. Anatenga ndalama za maphunziro a mapatironi n'kulipira maminibasi. Za kusindikiza timabuku anaonjezera pa chakudya. Zovala anakagula pa kaunjika ku msika, kumene palibe amene amalemba lisiti. Madalaivala anawalipira pamanja, ena pa Airtel Money kuchokera pa foni yawo.

Chikondwererocho chinali chokoma, sindinama. Ana anafika onse, anadya, anavina, makolo anakhala mpaka dzuwa kupendeka. Ine ndinafika masana kuchokera ku Salima, ndinawagwira chanza pamaso pa alendo, osadziwa kanthu.

Patapita masabata awiri a akauntanti analowa mu ofesi mwanga ndi envelopu ya khaki. Munali malisiti ochepa, timapepala tong'ambidwa m'kope tolembedwa pamanja, ndi mndandanda wa ndalama zimene zinalibe umboni uliwonse. Maphunziro a mapatironi sanachitike, koma ndalama zake kunalibe. Pangano lathu ndi opereka thandizo linkanena momveka kuti kusuntha ndalama kuchoka pa mzere wina kupita pa wina kopitirira malire amene anaikidwa kumafuna chilolezo cholembedwa. Kwa maodita, anthu ofufuza mabuku a ndalama, chimene chinali pa tebulo langa chinali ndi dzina limodzi lokha, ndipo si dzina labwino.

Ndinawaitana. Anakhala pa mpando, hadikava lili pa miyendo.

"Aphunzitsi, ndalama za mapatironi zili kuti?"

"Zinanyamula ana, bwana."

"Munafunsa ndani?"

"Ana anayeserera miyezi iwiri. Ndikanawauza kuti chiyani? Kuti kwacha yagwa?"

"Mukanandiimbira ine."

Anakhala chete pang'ono, kenako anatsegula foni n'kundionetsa. Anaimba kanayi tsiku limodzi. Ine ndinali m'wekishopu ku Salima, foni ndinaitseka, ndipo madzulo nditaona kuti anandiimbira ndinati ndiwapeza mawa. Panalibenso wina amene ndinamusiyira mphamvu yovomereza kusintha kwa bajeti ine kulibe.

Njira zinalipo zitatu ndipo zonse zinali ndi ozikonda. Ena m'bungwe anati tiwachotse ntchito kuti opereka thandizo aone kuti sitisekerera. Ena anati tikonze mapepala mwakachetechete. Aliyense amene wagwirapo ntchito m'mabungwe a mumzinda muno akudziwa kuti malisiti opanda kanthu sasowa. Njira imeneyi ndinaikana poyamba penipeni, chifukwa ikanasandutsa kulakwitsa kukhala chinyengo, ndipo ikanawaphunzitsa Aphunzitsi phunziro loipa kuposa onse pa chaka chawo chachiwiri cha ntchito. Kuwachotsanso ndinakana. Munthu wakuba salemba zimene waba, koma m'hadikava lija munali ndalama iliyonse, tsiku lake, nambala ya minibasi, ndi nambala ya foni ya dalaivala.

Tinasankha kuulula tokha. Ndinalembera opereka thandizo maodita asanabwere, kufotokoza zimene zinachitika, ndipo m'kalatamo ndinalemba kuti ofesala anayesa kupempha chilolezo koma woyang'anira sanapezeke. Kenako Aphunzitsi ndi wothandizira a akauntanti anatha masiku atatu akuzungulira ku depoti ndi m'masiteji, kusaka madalaivala mmodzimmodzi kuti asainire ndalama zimene analandira. Ambiri anapezeka. Mauthenga a Airtel Money tinawasindikiza. Mayi wa kaunjika anadinda chala. Opereka thandizo anavomereza gawo lalikulu. Gawo lina, limene umboni wake sunapezeke, analikana, ndipo bungwe linabweza kuchokera m'thumba lake. Maphunziro a mapatironi anachitika mochedwa ndi teremu yathunthu, a tsiku limodzi m'malo mwa awiri.

Aphunzitsi analandira kalata ya chenjezo. Iyi ndi ndime ija sitigwirizana. Iwo amati kalatayo sinali yoyenera popeza sanadye ngakhale tambala ndipo anaimba foni. Ine ndimati foni yosayankhidwa si chilolezo, ndipo panali a akauntanti amene anali pa ofesi tsiku lonse koma sanawafunse chifukwa ankadziwa kuti akana. Nanenso bodi inandilembera yanga. Mwezi wonse wa Januwale Aphunzitsi ankangondipatsa moni wa ulemu, wouma.

Zimene zinasintha

Njira imene inakonza zinthu sinachoke kwa ine. Tsiku lina Aphunzitsi anapita okha kwa a akauntanti n'kunena kuti sewero salionetsa asanaliyeserere, nanga ndalama amazitulutsa bwanji osayeserera? Kuyambira pamenepo, ntchito iliyonse ya kumudzi isanachitike, awiriwo amakhala pansi theka la ola n'kuyenda nayo ndalama iliyonse ndi pakamwa: alipira ndani, alandira ndani, pepala lake ndi liti, asaina ndani, mtengo ukakwera tiimbira ndani, iyeyo akapanda kuyankha tiimbira ndani. Pano maofesala athu onse amachita zimenezi ndipo pa ofesi timangoti kuyeserera. Tinasindikizanso kabuku ka mavocha a anthu ogulitsa amene alibe malisiti, tinasiya kulipira madalaivala pamanja, ndipo ndikamachoka mu mzinda ndimasiya kalata yonena amene ali ndi mphamvu yovomereza.

Ndaona kuti anthu ochokera ku zaluso amafanana pa chinthu chimodzi, ndipo chimenecho ndi mphamvu yawo komanso msampha wawo. Anaphunzira kuti tsiku la chionetsero silisuntha. Anthu akasonkhana, ng'oma iyenera kulira, zivute zitani. N'chifukwa chake sachedwa, sadandaula za kusowa zipangizo, ndipo amatha kugwirizanitsa anthu osalipidwa. Koma woyendetsa pulojekiti ayenera kudziwa kuti nthawi zina kuchepetsa ntchito, kuisuntha, kapena kuiimitsa n'kulemba kalata ndiye kugwira ntchito bwino. Kwa mphunzitsi wa zisudzo zimenezi zimamveka ngati kulephera. Mukawalemba ntchito, yambani ndi pamenepo, sabata yoyamba, ndi zitsanzo za ndalama zenizeni. Za Excel amazitola okha. Aphunzitsi anaitola m'miyezi yochepa.

Pa nkhani ya mapepala a maphunziro tinakambirana nthawi yaitali. Iwo ankafuna PMP, satifiketi ya oyendetsa mapulojekiti, chifukwa ndi imene imaoneka m'zilengezo za ntchito zazikulu. Koma pa nthawiyo PMP inkafuna maola 35 a maphunziro, ndiponso miyezi 36 yotsogolera mapulojekiti kwa amene ali ndi digiri, kapena miyezi 60 kwa amene alibe, ndipo mayeso ake ankalipiridwa ndi madola pa nthawi imene ndalama zakunja zinkasowa m'mabanki. Ndinawalangiza kuti ayambe ndi satifiketi ya Project DPro, imene inakonzedwera anthu a m'mabungwe a chitukuko ndipo chilankhulo chake ndi chimene timagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, kenako amalize dipuloma yawo. Anachita zonse ziwiri. Malipoti a Chingerezi ndinkawakonza ndi cholembera chofiira, iwo n'kumaseka kuti tsopano akumva mmene ana ankamvera.

Kumayambiriro kwa 2025, boma la America litaimitsa thandizo lake la kunja, mabungwe ambiri mumzinda muno anachotsa anthu ntchito. Ife ndalama zathu zambiri sizinkachokera kumeneko, koma pulojekiti imodzi imene tinkagwira pamodzi ndi bungwe lina inatha mwadzidzidzi. Tinayenera kuphatikiza ntchito zotsala pansi pa munthu mmodzi, ndipo bodi inasankha Aphunzitsi kukhala wogwirizanitsa pulogalamu yonse ya m'masukulu, ndi maofesala awiri pansi pawo. A akauntanti aja amene anakana poyamba ndi amene anawayankhulira kwambiri. Ntchito yawo yoyamba pa udindowu inali yopita m'sukulu zimene pulojekiti inatha kukauza a hedi ndi ana kuti sitibweranso. Anapita okha, sukulu iliyonse, ndipo anasiya ng'oma ndi zovala m'manja mwa makomiti atasainirana.

Udindo watsopanowu unabwera ndi vuto lake, limene silinathe kwenikweni. Pulojekiti imodzi umaigwira ndi manja ako. Pulogalamu umaigwira kudzera m'manja a ena. Tsiku lina ndinapita nawo kukayendera kalabu ina cha ku Chinsapo. Ofesala wachinyamata ankatsogolera ana kuyeserera, ndipo ng'oma inkatsalira m'mbuyo mwa nyimbo. Ndinawaona Aphunzitsi akugwedeza phazi, kenako anavula nsapato, anamanga chitenje, n'kulowa m'bwalo. Mphindi khumi zokha ana anali atagwira. Ofesala uja anaima pambali atapinda manja, ana akumuyang'ana. M'galimoto pobwerera ndinawafunsa kuti mawa akapita yekha mnyamata uja, ana amvera ndani. Sanayankhe mpaka titadutsa pa mlatho wa Lilongwe. Kenako anati, "Ndiye ndizingoonera zikulakwika?" Ndinati eya, nthawi zina, kenako mukambirane awiri m'galimoto ngati mmene tikuchitiramu. Masiku ano amakhala pa mpando wa alendo, koma phazi limagwedezekabe.

Pano akuyang'anira mapulojekiti atatu. Kontirakiti yawo ndi ya chaka ndi chaka, monga ya tonsefe, ndipo ndalama za chaka chamawa sizinatsimikizike. Hadikava lakuda akadali nalo, lachinayi kapena lachisanu tsopano, ngakhale zonse zimalowanso mu kompyuta.

Miyezi ingapo yapitayo tinadutsa pa sukulu yawo yakale kukasiya kalata. Amene anatenga kalasi yawo amaphunzitsa Expressive Arts ndi manotsi a pa bolodi. Ng'oma zitatu zimene Aphunzitsi anasonkhetsa makolo kuti zigulidwe tinazipeza mu ofesi ya a hedi, kuseri kwa kabati, ziwiri zikopa zitang'ambika. Anazigwiragwira osanena kanthu. Sabata yotsatira, mu bajeti imene tikukonza yopempha ndalama zatsopano, ndinapeza mzere umene sitinakambirane: zikopa za ng'oma ndi malipiro a wokhoma, sukulu khumi ndi ziwiri. A akauntanti analemba pambali ndi pensulo kufunsa ngati wokhoma ng'oma angapereke kotesheni. Aphunzitsi anayankha pansi pake kuti apeza atatu, mmodzi ku Mitundu, awiri ku Nathenje, ndipo onse adinda chala.